Mose wa "nyanga" pa chikwangwani cha Chagall: ndagula chiyani?

Nachisale (Leicester):
Moni nonse akuluakulu a pa gulu lino. Ndabwera ndi nkhani imene yandisowetsa mtendere kuyambira Loweruka, ndipo ndikukhulupirira kuti pakati panu alipo odziwa za zojambula ndi zosindikiza kuposa ine. Ndinalowa m'shopu ina ya kaunjika kuno kukafuna makatani, koma ndinatulukamo nditanyamula zithunzi ziwiri za m'mafelemu zimene ndinagula pa mapaundi 12 zonse pamodzi. Zonse ziwiri zili ndi dzina la mmisiri wojambula zithunzi, Marc Chagall. Choyamba ndi chikwangwani chachikulu cholengeza chionetsero, chili ndi mawu a Chifalansa akuti Message Biblique pamodzi ndi dzina la mzinda wa Nice, ndipo chikuonetsa Mose akulandira magome a malamulo kuchokera m'manja otuluka mumtambo. Chachiwiri ndi chaching'ono, chilibe mawu olengeza, chikuonetsa Mfumu Davide ndi zeze wake, ndipo m'munsi mwake muli saini ya pensulo ndi nambala. Mnzanga wa kuntchito akuti mwina ndatola chuma, pamene apongozi anga, nditawaonetsa pa foni, anati ndichotse Moseyo m'nyumba chifukwa ali ndi nyanga pamutu. Ndithandizeni pa zonse ziwiri.

A Mbewe (Limbe):
Mayi Nachisale, musanaganize za chuma, tiyeni tiyambe tadziwa chimene chili m'manja mwanu. Ine ndakalambira pa makina osindikizira, choncho ndilankhula za pepala ndi inki, za nyangazo ndisiyira abusa.

Choyamba tione ngati zithunzi zanuzo ndi ma lithograph kapena ndi za makina wamba. Mawu akuti lithograph amatanthauza kusindikiza kuchokera pa mwala. Njirayi anaitulukira Alois Senefelder ku Munich mu 1796, ndipo maziko ake ndi chinthu chimene mayi aliyense wotsuka mbale amachidziwa, chakuti mafuta ndi madzi sizigwirizana. Mmisiri amajambula pa mwala wosalala wa laimu ndi choko chamafuta, kenaka mwalawo amaupaka utomoni wosakaniza ndi asidi pang'ono ndi kuunyowetsa. Akagubuduzapo inki, imene nayonso ndi yamafuta, inkiyo imakakamira pamene pajambulidwa pokha ndipo imakana kukhala pamene pali madzi. Miyala yabwino kwambiri inkachokera ku Solnhofen m'dziko la Germany, ngakhale pambuyo pake osindikiza ambiri ankagwiritsanso ntchito malata a zinc m'malo mwa mwala. Chimene muyenera kugwira ndi ichi: mtundu uliwonse umafuna mwala wakewake, ndipo pepala limadutsa pa makina kamodzi pa mtundu uliwonse. Chithunzi cha mitundu khumi chadutsa kakhumi.

Makina amene tinkagwiritsa ntchito ife, a offset, amachita zosiyana. Chithunzi chimajambulidwa ndi kamera, n'kugawidwa m'mitundu inayi yokha, ndipo mitundu ina yonse imene diso limaona imapangidwa ndi timadontho ting'onoting'ono tondandalikidwa mwadongosolo. Ndiye chitani izi: tengani galasi lokulitsira zinthu, kapena jambulani ndi foni pafupi kwambiri n'kukulitsa, makamaka pamalo pamene mtundu uli wotuwa. Mukaona timadontho tofanana topanga ngati timaluwa, chimenecho ndi cha offset. Mukaona inki yokhala ngati mchenga womwazika mopanda dongosolo, ndiponso malo ena mtundu utakwera pa unzake, muli pafupi ndi lithograph.

A Mwale (Marseille):
Zikomo a Mbewe, mwafotokoza bwino kwambiri. Ine ndiwonjezere za malo amene atchulidwa pa chikwangwanicho, popeza ndinapitako kawiri ndipo si kutali ndi kuno.

Nyumba ya zojambula imeneyi ili ku Nice, m'dera la Cimiez, ndipo inatsegulidwa pa 7 July 1973, tsiku limene Chagall ankakwanitsa zaka 86. Dzina lake loyamba linali Musée National Message Biblique Marc Chagall, kutanthauza uthenga wa m'Baibulo, ndipo pambuyo pake analifupikitsa kukhala Musée National Marc Chagall. Mtima wa nyumbayi ndi zithunzi zikuluzikulu 17 za penti zimene mwini wake anapereka ku boma la France mu 1966 ndipo zinaonetsedwa ku Louvre mu 1967. Mwa zimenezi, 12 ndi za m'mabuku a Genesis ndi Eksodo: kulengedwa kwa munthu, Adamu ndi Hava akupirikitsidwa m'munda, chombo cha Nowa, Nowa ndi utawaleza, Abrahamu ndi angelo atatu, nsembe ya Isake, loto la Yakobo, Yakobo akulimbana ndi mngelo, Mose pa chitsamba choyaka moto, ndi zina. Zisanu zotsalazo ndi za Nyimbo ya Solomo, zili m'chipinda chapadera, ndipo zonse ndi zofiira moti munthu ukalowamo umangokhala chete.

Mose amene mukumunenayo, mayi Nachisale, ndinamuona pakhoma. Chithunzicho n'chachikasu kwambiri, Mose akukweza manja, ndipo chapatali pali anthu akupembedza mwana wa ng'ombe wagolide. Koma ndikuchenjezeni kuti pakhomo pa nyumbayi pali shopu, monga zilili m'nyumba zonse zotere, ndipo alendo amagulamo zikwangwani zosindikizidwa ndi makina wamba n'kupita nazo kwawo. Ena mwa alendowo ndi Angerezi, ndipo akamwalira ana awo amapereka katundu yense ku mashopu ngati imene munalowamo.

Abusa Phiri (Dedza):
Mwana wanga Nachisale, apongozi ako usawaseke, pakuti kwathu kuno mawu akuti nyanga sanena za ng'ombe zokha, ndipo munthu wamkulu akaona mneneri wa Mulungu ali ndi nyanga ayenera kudzidzimuka. Koma uwauze kuti atsegule Eksodo 34 kuyambira ndime 29. Pamenepo timawerenga kuti Mose atatsika m'phiri la Sinai ndi magome awiri, nkhope yake inkanyezimira chifukwa analankhula ndi Mulungu, kotero kuti Aroni ndi ana a Israele anaopa kumuyandikira. Mawu a Chihebri amene akunena za kunyezimirako ali pa tsinde limodzi ndi mawu otanthauza nyanga, chifukwa kuwala kumatuluka ngati nyanga zikamamera. Jerome, pomasulira Baibulo m'Chilatini zaka pafupifupi 1,600 zapitazo, anasankha mawu a nyanga, ndipo patapita zaka mazana angapo amisiri ambiri a ku Ulaya anayamba kumuika Mose nyanga zenizeni. Ngakhale chosema chotchuka cha Michelangelo chimene chili m'tchalitchi china ku Roma chili ndi tinyanga tiwiri. Buku Lopatulika lathu la 1922 linatsata tanthauzo la kuwala, n'chifukwa chake ife tinakula osamva za nyanga za Mose.

Chagall anali Myuda, anaphunzira Chihebri ali mwana, ndipo chimene amajambula pamutu pa Mose ndi malawi awiri a kuwala. Ukayang'anitsitsa uona kuti sakupindika ngati nyanga za mbuzi, akungowongoka kuloza kumwamba.

Nachisale (Leicester):
Zikomo kwambiri abusa, ndayang'ana ndipo ndi momwemo, ndi mizere iwiri yoyera yowongoka. Ndiwawerengera apongozi ndime imeneyo madzulo ano. A Mbewe, galasi ndilibe koma ndibwereka kwa mayi wina wokalamba amene ndimamusamalira, amawerengera nalo nyuzipepala.

Jere (Johannesburg):
Pepani akuluakulu kuti ndikulowerera. Ine funso langa ndi la ndalama basi. Ngati chikwangwani ndi pepala lolengeza chionetsero, longa amene amamata pa mitengo ya magetsi kulengeza msonkhano wachitsitsimutso, n'chifukwa chiyani anthu amalimbirana ku okushoni? Ndaona pa intaneti zikwangwani za Chagall zofanana ndendende, china chotchipa ngati buledi, china mtengo wa galimoto yakale. Kusiyana kwake kuli pati?

A Mwale (Marseille):
Achimwene a Jere, funso lanulo ndiye fupa la nkhani yonse, ndipo yankho lake lili pa mayina awiri: Mourlot ndi Sorlier.

Fernand Mourlot anali mwini nyumba yosindikizira ku Paris imene inatchuka popanga zikwangwani za zionetsero za nyumba zazikulu za zojambula m'dziko la France. Nkhondo yachiwiri itatha, amisiri akuluakulu monga Picasso, Matisse, Braque ndi Miró ankapita okha kukagwira ntchito pa miyala ya kumeneko limodzi ndi amisiri ake. Chagall anathawira ku America mu 1941 chifukwa cha chizunzo cha Ayuda, anabwerera ku France mu 1948, ndipo anayamba kupita kwa Mourlot mu 1950 ali kale ndi zaka 63. Kumeneko anakumana ndi Charles Sorlier, mmisiri wa pa mwala amene anagwira naye ntchito mpaka imfa ya Chagall mu 1985. Pa zaka zimenezo munatuluka ma lithograph opitirira 1,000.

Tsono zikwangwani zimene mukuziona ngati zofananazo zili m'magulu osiyana. Zilipo zimene Chagall anajambula yekha pa mwala chifukwa cha chionetsero chimenecho, ndipo zimenezi ndi ntchito ya manja ake ngakhale zili ndi mawu olengeza. Zilipo zambiri zimene Sorlier anatenga chithunzi cha penti cha Chagall n'kuchijambulanso pa miyala, mtundu ndi mtundu, mwini wake akuyang'anira ndi kuvomereza. Pa zimenezi kawirikawiri mumapeza timawu tating'ono m'mphepete totchula Sorlier ndi Mourlot, ndipo ogulitsa oona mtima amalemba kuti d'après Chagall, kutanthauza kuti zatsatira ntchito yake. Pa zikwangwani zina ankayamba asindikiza makope ochepa pa pepala labwino lolimba asanaikepo mawu olengeza, Afalansa amati avant la lettre, ndipo amenewa Chagall ankawasaina ndi pensulo, n'kulembapo nambala. Amenewa ndiwo amakwera mtengo kwambiri. Kenaka pali nyanja yonse ya zikwangwani za offset, zina zovomerezeka zogulitsidwa m'mashopu a nyumba za zojambula, zina zongokopera popanda chilolezo.

Sorlier yemweyo anasonkhanitsa zikwangwani za Chagall m'buku limene linatuluka mu 1975, momwe muli chithunzi cha chikwangwani chilichonse, kukula kwake ndi mmene chinasindikizidwira. Ma lithograph nawonso ali ndi mabuku awo asanu ndi limodzi, ndipo n'chifukwa chake ku okushoni mumaona chilembo M, choimira Mourlot, chotsatana ndi nambala ya m'mabukumo. Wogulitsa amene sangakuuzeni nambala ya m'mabuku amenewa, koma akungobwereza kuti ndi "chosowa kwambiri", musamupatse ndalama zanu.

A Mbewe (Limbe):
Ndikugwirizana ndi a Mwale, koma ndikufuna kuteteza Sorlier pang'ono, chifukwa anthu akamva kuti chithunzi sanachijambule pa mwala ndi Chagall mwini amaganiza kuti ndi chachabechabe. Kutenga chithunzi cha penti chokhala ndi mitundu yosawerengeka, n'kuchiphwanya m'mutu mwako kukhala miyala khumi kapena kuposerapo, n'kudziwiratu kuti buluu uyu akagona pa chikasu ichi abereka msipu wotani, ndi luso limene anthu ochepa kwambiri anali nalo. Ife a offset ntchito imeneyo amatichitira ndi makina. Pamwamba pa izo pepala liyenera kugwa pamalo amodzimodzi nthawi iliyonse likamadutsa, apo ayi nkhope ya mngelo ituluka ndi maso anayi. Ine ndikanakhala ndi chikwangwani cha Sorlier chenicheni sindikanachita nacho manyazi ngakhale pang'ono.

Mayi Tembo (Ndola):
Ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete, koma dzina la Chagall landikumbutsa kanthu kokhudza kwathu kuno. Dag Hammarskjöld, mlembi wamkulu wa bungwe la United Nations, anafera pa ngozi ya ndege pafupi ndi Ndola mu September 1961, ndipo malo amene ndegeyo inagwera timawasunga ngati chikumbutso mpaka lero. Ku likulu la bungweli ku New York kuli zenera lalikulu la magalasi abuluu limene Chagall anapanga mu 1964 pokumbukira iye ndi anzake amene anafa naye, ndipo maganizo ake anawatenga pa Yesaya 9. Ndangoti ndinene kuti mmisiri ameneyu sali kutali nafe monga mmene tingaganizire. Funso langa kwa abusa ndi lakuti, popeza Ayuda amasunga kwambiri lamulo loletsa mafano, zinatheka bwanji kuti Myuda akhale wojambula wamkulu wa nkhani za m'Baibulo?

Abusa Phiri (Dedza):
Mayi Tembo, funso limeneli landivutitsapo inenso, chifukwa ndinakulira mu mpingo umene makoma a tchalitchi amakhala oyera opanda chithunzi chilichonse, ndipo ndili mnyamata ndinkaona ngati abale athu a Katolika alakwitsa. Maganizo anga anayamba kufewa nditapita ku mishoni ya Katolika ya Mua n'kuona mmene amisiri a ku KuNgoni amasemera nkhani za m'Malemba ndi nkhope zathu zomwe. Lamulo lachiwiri likuletsa kupanga chifaniziro kuti uchigwadire ndi kuchitumikira, ndipo Mulungu yemweyo analamula Mose kuti apange akerubi pa likasa.

Chagall anabadwa mu 1887 m'banja la Ayuda osauka a ku Vitebsk, mzinda umene lero uli m'dziko la Belarus, ndipo malire amenewa ankawadziwa bwino. Taonani pa chikwangwani cha Nachisale: Mulungu sakuoneka nkhope, akuoneka manja okha otuluka mumtambo. Ndiponso pamene anapanga mazenera 12 a mafuko a Israele m'sunagoge wa pa chipatala cha Hadassah ku Yerusalemu, amene anaperekedwa mu 1962, sanaikemo nkhope ya munthu. Anaikamo nyama, mbalame, nsomba ndi zizindikiro, potsata madalitso amene Yakobo anapereka kwa ana ake pa Genesis 49 ndi amene Mose anapereka pa Deuteronomo 33. Munthu wotere sanali wosasamala za chilamulo.

Chimene chimandigwira mtima kwambiri ndi chakuti ankajambulanso Yesu pa mtanda, koma monga Myuda wozunzika, atavala m'chiuno nsalu ya mapemphero ya Chiyuda. Chithunzi chake cha mtanda cha 1938, chimene chili ku Chicago, chazunguliridwa ndi sunagoge ndi nyumba zikupsa ndi anthu akuthawa. Ife alaliki timaiwala kawirikawiri kuti Ambuye wathu anali wa fuko limenelo.

Jere (Johannesburg):
Abusa mwandiphunzitsa zambiri, koma ndibwererenso ku malonda. Ngati anthu a mipingo angakonde zithunzi zimenezi, kodi munthu sangatenge chimodzi chabwino pa intaneti, n'kupita nacho kwa a Mbewe kuti asindikize makalendala kapena zikwangwani zogulitsa pa misonkhano ya mipingo?

A Mbewe (Limbe):
Mphwanga Jere, ntchito imeneyo ine sindingailandire. Chagall anamwalira pa 28 March 1985 ku Saint-Paul-de-Vence, ndipo malamulo a ku France amateteza ntchito za mmisiri kwa zaka 70 iye atamwalira, kutanthauza mpaka 2055. Umwini uli m'manja mwa banja lake, ndipo wofuna kusindikiza amapempha chilolezo n'kulipira. Komanso ndikuuze monga munthu wa inki kuti buluu wa Chagall pa pepala la kalendala amatuluka ngati yunifolomu ya sukulu yochapidwa chaka chonse.

Nachisale (Leicester):
Ndabwera ndi zotsatira. Ndatsegula mafelemu onse awiri mosamala pa tebulo loyera. Pa Mose, galasi likuonetsa timadontho tambirimbiri tondandalikana bwinobwino, tofiira, tabuluu, tachikasu ndi takuda, monga momwe a Mbewe ananenera, ndipo pepala lake ndi losalala lonyezimira pang'ono. Dzina la Mourlot kapena Sorlier palibe paliponse. Pa Davide timadontho palibe, inki ikuoneka ngati choko chopakidwa pa khoma la simenti, ndipo pepala ndi lokhuthala losanyezimira. Ndayeza ndi tepi ya telala, kutalika kwake ndi masentimita 35 ndipo m'lifupi 26. Mbali imodzi ya pepalalo ikuoneka kuti inadulidwa ndi mpeni, siyowongoka bwino ngati zinazo. Saini ya pensulo ili pa chithunzi penipeni pakona, chifukwa pepalali lilibe malire oyera.

A Mwale (Marseille):
Mayi Nachisale, ndiye kuti Mose wanu ndi wa m'shopu ya alendo, wokongoletsa khoma koma wopanda mtengo kwa osonkhanitsa. Koma Davideyo wandichititsa kukhala tsonga, chifukwa zonse mwanenazo zikuloza ku chinthu chimodzi chodziwika bwino.

Ndiyambire patali pang'ono. Mu 1930 wogulitsa zojambula wa ku Paris, Ambroise Vollard, anapempha Chagall kuti ajambule zithunzi za Baibulo, ndipo mu 1931 Chagall anapita ku Palestina kuti akaone ndi maso ake dziko la aneneri. Anayamba kugoba zithunzizo pa mbale za mkuwa, koma Vollard anafa pa ngozi ya galimoto mu 1939 ntchito isanathe, kenaka nkhondo inabuka. Zithunzi zonse 105 zinadzatuluka mu 1956 kudzera mwa wofalitsa wina wotchedwa Tériade. Tériade yemweyo anali ndi magazini ya zaluso yotchedwa Verve, ndipo mu 1956 ndi mu 1960 anatulutsa makope apadera a zithunzi za Baibulo za Chagall, momwe munali ma lithograph amitundu osindikizidwa kwa Mourlot, ojambulidwa ndi Chagall mwini. M'kope la 1956 muli Davide ndi zeze. Kukula kwa masamba a Verve ndi kumene mwayezako, ndipo alibe malire oyera. Magaziniwa anasindikizidwa masauzande angapo, ndipo kwa zaka zambiri ogulitsa akhala akuwaphwasula n'kumagulitsa tsamba limodzilimodzi m'felemu, chifukwa amapeza zambiri kuposa kugulitsa buku lathunthu. Mbali yodulidwa ndi mpeniyo ndi pamene tsambalo linalumikizana ndi anzake.

Tsono nkhani yowawa ndi ya pensuloyo. Masamba a Verve sanatuluke ndi saini ya pensulo kapena nambala, chifukwa anali masamba a magazini. Ma lithograph amene Chagall ankasaina ankasindikizidwa padera pa pepala lalikulu lokhala ndi malire oyera, ndipo saini ndi nambala zinkalembedwa m'malire amenewo, m'munsi mwa chithunzi. Mukapeza tsamba la magazini lili ndi nambala ngati kuti linali la makope owerengeka, dziwani kuti dzanja lina linadutsapo pofuna kukweza mtengo. Chagall ali m'gulu la amisiri amene saini zawo zimaberedwa kwambiri, pamodzi ndi Dalí, Miró ndi Picasso.

Nachisale (Leicester):
Ndiye mukutanthauza kuti chithunzicho chikhoza kukhala chenicheni koma saini yake ndi yabodza? Nanga ndingoifufuta ndi labala?

A Mbewe (Limbe):
Ayi mayi, labala musayerekeze. Inki ya lithograph imakhala pamwamba pa pepala, ndipo mukapukuta muchotsa mtundu pamodzi ndi pensuloyo n'kusiya chipsera choyera chimene sichidzatheka kukonza. Ngati saini iyenera kuchoka, achotse ndi katswiri wokonza mapepala akale. Poyamba pitani nacho ku nyumba ya okushoni ya m'dera lanu, pakuti zambiri kumeneko zimakhala ndi masiku amene munthu amabweretsa katundu kuti amuonere mtengo kwaulere, ndipo mukawauze nokha kuti saini mukuikayikira.

Pa kasungidwe ndilankhule kwa onse, makamaka amene mukufuna kubwera nazo kumudzi zinthu zotere. Mdani woyamba ndi dzuwa, limene limadya mitundu yofiira ndi yachikasu mwakachetechete, choncho musapachike moyang'anana ndi zenera. Wachiwiri ndi chinyezi cha nthawi ya dzinja, chimene chimabweretsa chuku ndi timawanga tofiirira pa pepala, makamaka ngati felemu yagunda khoma lakunja. Pepala lisakhudze galasi, pakhale katoni yapakati yopanda asidi, ndipo katoni wamba ya bokosi imene amaika kumbuyo muichotse chifukwa imapsereza pepala pang'onopang'ono. Selotepi ndi guluu zisayandikire. Mphemvu ndi chiswe sindinena, mukuzidziwa nokha. Koma choposa zonse, ndikupempha ndi mtima wonse, musachite lamineti. Kwathu kuno tinazolowera kuti pepala lililonse lofunika, kaya satifiketi kaya chithunzi cha ukwati, timathamangira nalo ku lamineti, koma pulasitiki imeneyo ikamatirira sichokanso, ndipo wosonkhanitsa aliyense amaona pepala lotero ngati lafa. Chimodzimodzinso kudula m'mphepete mwa chikwangwani kuti chikwane m'felemu imene muli nayo kale: timawu ta wosindikiza timakhala m'mphepete momwemo, ndipo mukadula mwataya umboni.

Jere (Johannesburg):
Bwanji osangotumiza ku France kwa eni ake kuti akatsimikize?

A Mwale (Marseille):
Ku Paris kulidi komiti yotchedwa Comité Marc Chagall imene imaweruza ngati ntchito ndi yake kapena ayi, koma si malo othamangirako ndi tsamba la magazini. Mu 2014 wailesi ya kanema ya BBC inaonetsa nkhani ya bambo wina wa ku England amene anagula chithunzi cha penti pa mapaundi 100,000 pokhulupirira kuti ndi cha Chagall. Atachitumiza ku komitiyo, anaweruza kuti ndi chabodza ndipo anakana kumubwezera chithunzicho, chifukwa malamulo a ku France amalola kuti ntchito yachinyengo iwonongedwe. Za mayi Nachisale n'zazing'ono poyerekeza ndi zimenezo, ndipo munthu wa ku okushoni amene ali ndi mabuku a Mourlot pa shelefu akhoza kuyerekeza tsambalo ndi nambala yake m'mphindi zochepa. Mukapita, mayi, mukawapemphe kuti akuonetseni m'bukumo ndi maso anu, ndipo mukaone ngati mitundu ya Davide wanu ikadali yowala mofanana ndi ya m'buku kapena inafwifwa ndi dzuwa, popeza zimenezo zimasintha mtengo kwambiri.

Abusa Phiri (Dedza):
Ine ndingopempha kuti Mose wa timadonthoyo musamutaye chifukwa choti alibe mtengo ku okushoni. Ngati akusowa khoma, ana a Sande sukulu kuno sanaonepo chithunzi cha Eksodo chojambulidwa ndi munthu wa fuko la Mose yemweyo, ndipo ndingakonde kuwafunsa kuti apeze okha mwana wa ng'ombe wagolide pamene wabisala.

Nachisale (Leicester):
Abusa, Moseyo ndi wanu, ndidzamupinda mozungulira m'chubu cha katoni ndipo adzabwera ndi mchemwali wanga mu December, wopanda lamineti monga a Mbewe alamulira. Davide ndamuika pakati pa mapepala awiri oyera m'kabati, ndipo Lachinayi ndikatuluka ku ntchito ndipita naye ku nyumba ya okushoni imene ili pafupi ndi siteshoni ya sitima. Apongozi ndinawawerengera Eksodo 34 dzulo. Anamvetsera mpaka kumapeto, kenaka anati kuwala akuvomereza, koma akufuna adziwe chifukwa chimene mmisiriyo anajambulira mizere iwiri yokha pamene Malemba akunena kuti nkhope yonse inanyezimira. Abusa, funso limenelo ndawauza kuti adzakufunseni okha chithunzicho chikafika ku Dedza.